Njira ya mwana wofuna kukhala loya wa makampani

Caka ndi caka, zotsatira za mayeso otsiriza a ku sekondale zikangotuluka, m'midzi ya ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi mumamveka mbiri yakuti mwana wa uje wapambana bwino ndipo afuna kukaphunzira za malamulo. Makolo amayamba kuwerenga ng'ombe za m'khola ndi matumba a nshawa amene angagulitse, ndipo abale amasonkhana kuti apangane za amene adzathandiza. Ambiri aganiza kuti pakapita zaka zinai mwanayo adzabwera atabvala mkanjo wakuda, nayamba kuimira anthu m'khoti. Koma ulendo wa uloya ndi wautali kuposa pamenepa, ndiponso si maloya onse amene nchito yao ili m'khoti. Alipo ambiri amene tsiku lonse amakhala m'maofesi a mu Lusaka, Ndola ndi Kitwe, kulemba mapangano a makampani, mabanki ndi migodi. Banja limene lifuna kuika cuma cake pa maphunziro awa liyenera kudziwiratu kutalika kwa njira, malo amene ambiri amagwerapo, ndi nchito imene mwana adzaipeza kumapeto kwake.

Mmene zinayambira

Pamene dziko lino linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, mbadwa zimene zinali ndi madigiri a yunivesiti zinali pafupifupi 100 cabe, ndipo maloya pakati pao anali owerengeka pa zala. Masiku amenewo wofuna uloya anali kuoloka nyanja kupita ku England. Mmodzi mwa oyamba anali Bambo Mainza Chona, amene analoledwa kukhala loya pa Gray's Inn mu London mu 1958, ndipo pambuyo pake anakhala Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko ndiponso Nduna Yaikulu.

Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, anthu wamba atasonkha zimene anali nazo, ena ndalama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti ana ao aziphunzira kwao konkuno. Sukulu la za malamulo linayamba pa yunivesitiyo mu 1967, ndipo mu 1968 Boma linakhazikitsa Law Practice Institute, malo ophunzitsira omaliza digiri kagwiridwe ka nchito ya uloya. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa Law Association of Zambia, bungwe la maloya onse a m'dziko muno. Mu 1975 Bambo Annel Silungwe anakhala mbadwa yoyamba kusankhidwa kukhala Woweruza Wamkulu. Patapita zaka 40, mu 2015, udindo womwewo unapatsidwa kwa Mai Ireen Mambilima, amene anaphunzira pa Yunivesiti ya Zambia.

Nchito ya maloya a makampani inakula pamodzi ndi kusintha kwa cuma ca dziko. Pa Mulungushi mu April 1968, Mtsogoleri Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma lidzatenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu angapo, ndipo pa Matero mu August 1969 analengeza cimodzimodzi za migodi ya mkuwa. Mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa nakhala ZCCM. Mphepo inatembenuka mu 1992, pamene lamulo logulitsa makampani a Boma linapangidwa, ndipo pofika mu 2000 migodi ya ZCCM inali itagulitsidwa. Nthawi zonse ziwiri, pogula ndi pogulitsa, msonkho umene migodi idzapereka, zimene anchito adzalandira ndi amene adzakonza malo oonongeka zinalembedwa m'mapangano. Olemba ndi kuwerenga mapangano amenewo anali maloya. Dziko limene lilibe akatswiri ace pa nchito iyi limasaina zimene alemba anzace.

Zaka zinai pa yunivesiti

Khomo loyamba ndi mayeso a ku sekondale. Mwana afunika kupambana bwino m'maphunziro osacepera asanu, ndipo Cizungu cisasowepo, pakuti malamulo a dziko lino, mabuku ace ndi zigamulo za makhoti akuluakulu zonse zili m'Cizungu. Ofuna malo ndi ambiri kuposa malo amene alipo, motero amene anapambana mwapamwamba ndiwo amayamba kutengedwa.

Kale digiri ya za malamulo inali kupezeka pa Yunivesiti ya Zambia pokha. Tsopano ikuphunzitsidwanso m'mayunivesiti ena a Boma ndi m'mayunivesiti amene si a Boma, monga University of Lusaka, Zambian Open University ndi Cavendish University. Makolo asanalipire ndalama iliyonse ayenera kufunsa ngati digiri ya sukulu limene mwana wasankha ndi yobvomerezeka ndi Higher Education Authority, ndiponso ngati idzalandiridwa pa khomo lotsatira. Safunsa anadya phula. Ophunzira a m'mayunivesiti a Boma angapemphe thandizo ku Higher Education Loans and Scholarships Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2016. Thandizo limeneli ndi nkhongole, ndipo mwana adzayamba kubweza akamaliza maphunziro.

Digiri imatenga zaka zinai. M'zaka zimenezi wophunzira amadutsa m'malamulo a mapangano, a milandu ya upandu, a malo, a ukwati ndi cuma ca masiye, a makampani, a misonkho, a anthu apanchito, ndi lamulo lalikulu loyendetsera dziko. Amaphunziranso kuti m'dziko muno muli mitsinje iwiri ya malamulo: malamulo olembedwa, amene mizu yace inacokera ku England, ndi malamulo a cikhalidwe amene mafumu ndi makhoti a Local Court amagwiritsa nchito.

Kaphunziridwe kace n'kowerenga. Pa nkhani iliyonse wophunzira amafunafuna zigamulo zimene oweruza anapereka pa milandu yofanana nayo, cifukwa cimene khoti lapamwamba linagamula cimamanga makhoti onse a pansi pace. Mwana amene amangoloweza pamtima sapita patali. Amene amapita patali ndi uja wodziwa kufunsa cifukwa cimene woweruza anagamulira motero, ndi kuona ngati mlandu wa lero ufanana ndi wa kalewo kapena usiyana nao. Kulongolola pa bwalo si cizindikiro ca loya wabwino. Cizindikiro cace ndi kukonda kuwerenga ndi kulemba mau omveka.

Khomo lopapatiza

Apa ndi pamene mabanja ambiri amadabwira. Munthu amene ali ndi digiri ya za malamulo sanakhale loya. Sangaimire munthu m'khoti, sangatsegule ofesi ya uloya, ndipo akadzicha loya walakwira lamulo. Ayenera kuyamba wapita ku Zambia Institute of Advanced Legal Education, sukulu la mu Lusaka limene anthu amangolicha ZIALE, limene linalowa m'malo mwa Law Practice Institute mwa lamulo la mu 1996.

Pa ZIALE wophunzira amakhala pafupifupi caka cimodzi, ndipo zimene amaphunzira ndi za manja: kalembedwe ka zikalata zosinthira umwini wa malo, kasumidwe ka milandu m'makhoti osiyanasiyana, kaperekedwe ka umboni, kagawidwe ka cuma ca womwalira, kayendetsedwe ka makampani, kasungidwe ka mabuku a ndalama, ndi mwambo wa nchito ya uloya. Nthawi yomweyo amakhala akugwira nchito pansi pa loya wacikulire, mu ofesi ya maloya kapena m'dipatimenti ya Boma. Pamapeto pace alemba mayeso, ndipo afunika kupambana maphunziro onse.

Mayeso amenewa ndi ochuka m'dziko lonse cifukwa ca kulimba kwace. Mu 2021 manyuzipepala analengeza kuti mwa ophunzira 395 amene analemba, mmodzi yekha ndiye anapambana maphunziro onse pa ulendo woyamba. Nkhaniyo inautsa mkangano. Ena anati mayunivesiti aculuka ndipo akutulutsa ana osapsa bwino, ena anati bvuto lili pa kaphunzitsidwe ndi kayesedwe ka pa ZIALE pomwepo. Cimene makolo ayenera kutolapo n'cakuti kulephera ulendo woyamba si cinthu cacilendo. Maloya ambiri amene akugwira nchito lero anabwereza phunziro limodzi kapena awiri asanaloledwe. Mwana akabwerako ndi mbiri yotere asanyozedwe ngati wadya ndalama za banja. Koma banja liyenera kusungiratu ndalama za sukulu limeneli, za nyumba ndi cakudya mu Lusaka, ndi za kubwereza mayeso ngati kungafunike.

Wopambana amapereka pempho lace kwa Woweruza Wamkulu, nalumbira pamaso pa khoti, ndipo dzina lace limalembedwa m'kaundula wa maloya. Kuyambira tsiku limenelo ndiye loya wa High Court ya Zambia. Caka ciliconse ayenera kutenga satifiketi yatsopano yomulola kugwira nchito, ndipo lamulo silimulola kutsegula ofesi yaceyace kufikira atagwira zaka zingapo pansi pa anzace acikulire.

Kodi loya wa makampani amacita ciani?

Pamaso pa lamulo, kampani yolembetsedwa ili ngati munthu payokha. Ingagule malo, ingakongole ndalama, ingasumire ndi kusumiridwa m'dzina lace. Ikagwa ndi nkhongole, eni ace amataya ndalama zimene anaikamo, koma nthawi zambiri nyumba ndi ng'ombe zao sizigwidwa. Makampani a m'dziko muno amayendetsedwa ndi lamulo la makampani la mu 2017, ndipo amalembetsedwa ku ofesi ya PACRA. Popeza munthu wa papepalayu alibe pakamwa, zocita zace zonse zimayenda ndi zikalata, ndipo apa ndi pamene loya amalowera.

Banki ikafuna kukongoza kampani ya mphero ndalama zambiri, loya ndiye amalemba pangano la nkhongole ndi cikalata ca cikole, naonetsetsa kuti cikoleco calembetsedwa. Kampani ina ikafuna kugula inzace, maloya amafufuza zonse za kampani yogulidwayo: ngati malo ace ali ndi mapepala enieni, ngati ili ndi milandu, ngati inalipira misonkho ku Zambia Revenue Authority, ndi ngati anchito ace analembedwa motsata lamulo la nchito la mu 2019. Ngati kugulako n'kwakukulu, amapempha cilolezo ku Competition and Consumer Protection Commission. Mgodi watsopano ufunika ziphaso za migodi ndi cilolezo ca bungwe losamalira cilengedwe la ZEMA. Kampani yofuna kugulitsa magawo ace kwa anthu imapita ku msika wa magawo wa mu Lusaka, umene unatsegulidwa mu 1994. Mkangano ukabuka, umapita ku cigawo ca High Court coona za malonda, kapena kwa mkhalapakati amene mbali ziwirizo zinasankhiratu m'pangano lao.

Ofesi ya maloya ili ndi makwerero ace. Pamwamba pali eni ofesi, amene amagawana phindu ndi kusenza mlandu zinthu zikalakwika. Pansi pao pali maloya olembedwa nchito, ndipo pansi peni peni pali ongoyamba kumene ndi ophunzira a pa ZIALE. Wacinyamata wolowa nchito asayembekezere kukhala pa tebulo limodzi ndi akuluakulu a migodi mwezi woyamba. Nchito yace ndi kupita ku PACRA ndi ku Unduna wa za Malo kukafufuza m'makaundula, kuwerenga milu ya zikalata kufunafuna mzere umodzi umene ungabweretse bvuto, ndi kulemba pangano limene wamkulu wace adzalibweza litadzaza ndi inki yofiira. Nthawi zambiri makasitomala amalipira molingana ndi maola amene loya wagwira, motero wacinyamata amalemba ola lililonse ndi cimene wacitamo. Pangano lalikulu likayandikira tsiku losaina, nyali za mu ofesi zimayaka mpaka pakati pa usiku, Loweruka ndi Sondo lomwe.

Malipiro a zaka zoyamba sakhala akulu monga mmene anthu a kumudzi aganizira, ndipo lendi, zobvala za ku ofesi, ulendo wa tsiku ndi tsiku ndi nkhongole ya sukulu zimadyako gawo lalikulu. Malo m'maofesi akuluakulu ndi ocepa poyerekeza ndi ofuna nchito. Cifukwa cace ambiri amayambira m'maofesi ang'onoang'ono, m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi, m'makhonsolo kapena kwa Loya Wamkulu wa Boma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malemu Levy Mwanawasa anagwira nchito m'maofesi a anzace kuyambira mu 1974, natsegula ofesi yaceyace mu 1978, nasankhidwa kukhala Solicitor General mu 1985, ndipo anatsogolera dziko lino kuyambira mu 2002 kufikira imfa yace mu 2008.

Mwambo wa nchito

Cuma ceniceni ca loya ndi kukhulupirika. Zimene kasitomala wamuuza ndi cinsinsi, ndipo saloledwa kuziulula ngakhale kwa mkazi wace kapena kwa amalume ace. Saloledwa kuimira mbali ziwiri zimene zofuna zao zikulimbana. Saloledwa kunamiza khoti, cifukwa asanakhale wanchito wa kasitomala ali wanchito wa cilungamo. Ndalama za kasitomala zimasungidwa m'akaunti yapadera ku banki, yosiyana ndi ya ofesi. Loya amene wagwira ndalama zimenezo, ngakhale atati angobwereka mwezi umodzi kuti athandize pa maliro a kwao, angathe kuimitsidwa nchito kapena kufafanizidwa m'kaundula, ndipo zaka zonse za sukulu zimathera pomwepo.

Abale ayenera kumvetsa cinthu cimeneci. Ndalama zambiri zimene zimadutsa m'manja mwa mwana wao si zace. Kumupanikiza ndi zopempha zosatha m'zaka zace zoyamba ndiko kumukankhira ku dzenje. Ndiponso munthu aliyense amene loya wamudyera ndalama kapena kumunyenga ali ndi ufulu wokadandaula ku Law Association of Zambia.

Kumene nchito iyi ikhudza mlimi

Wina anganene kuti zonsezi ndi za m'tauni. Koma pepala limene mlimi wa thonje kapena fodya amasaina polandira mbeu, feteleza ndi mankhwala pa nkhongole linalembedwa ndi loya wa kampani. Loyayo analembedwa nchito kuti ateteze kampani, ndipo palibe colakwa pamenepo. Colakwa cimabwera pamene mlimi adinda cala pa pepala limene sanalimve. Asanasaine afunika kudziwa mtengo wa zimene wakongola, mmene mtengo wa mbeu zace udzakhazikitsidwira, amene adzayesa giredi, ndi cimene cidzacitika mvula ikakana. Ali ndi ufulu wopempha kuti pepalalo limasuliridwe m'Cinyanja ndi kuti apatsidwe kope lace.

Nkhani ya malo ndi yolemera koposa. Mwa lamulo la malo la mu 1995, malo a cikhalidwe angasinthidwe kukhala a lendi ya zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomereza. Malo akangocoka m'manja mwa mfumu mwa njira imeneyi sabwerera mosabvuta. Kampani yofuna malo imabwera ndi maloya ace. Mudzi umene ulibe wouwerengera zikalata umakhala ngati munthu wolowa m'bwalo la milandu popanda nkhoswe.

Mlandu wa ku Chingola uonetsa bwino kulemera kwa nkhani iyi. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya Shimulala, Hippo Pool, Kakosa ndi Hellen anasumira kampani ya Konkola Copper Mines ndi kholo lace, Vedanta Resources, m'khoti la ku London. Iwo anadandaula kuti zoipa zocokera ku mgodi wa Nchanga zinaononga madzi ndi minda yao. Makampaniwo anati mlanduwo uyenera kuzengedwa m'Zambia. Pa 10 April 2019 khoti lalikulu koposa la ku Britain linagamula kuti ungathe kuzengedwa ku England. Cimodzi mwa zifukwa cinali cakuti odandaulawo anali osauka, ndipo kunali kobvuta kupeza m'dziko muno gulu la maloya lalikulu ndi lozolowera mokwanira kusenza mlandu waukulu motere popanda malipiro. Mu January 2021 mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa khoti, makampaniwo osabvomera kulakwa. Anthu a m'midzi inai anafunika kuoloka nyanja kuti dandaulo lao limveke. Nzeru imene loya amaphunzira mu ofesi ya makampani ndi yomweyo imene anthu otere amaisowa, ndipo mwana wa kumudzi amene waiphunzira, wodziwa cinenero ndi mwambo wa kwao, angathe kuitembenuzira kumene ifunika.

Zoyenera kukumbukira

Maloya saloledwa kuimira anthu m'makhoti a Local Court pa milandu ya cikhalidwe, motero mwana akakana kukaima pa mlandu wa cigololo kapena wa malire a munda, sikuti wanyada. Loya wa makampani angakhalenso wosazolowera milandu ya upandu, monga mmene dokotala wa maso sacitira opaleshoni ya m'mimba. Cimene angacite ndi kulozera mbale wace khomo loyenera. Osauka angapite ku Legal Aid Board, bungwe la Boma lopereka maloya kwa amene sangathe kulipira, ndipo amai ndi ana angathandizidwenso ku National Legal Aid Clinic for Women, imene inayamba mu 1990.

Ngakhale zili tero, banja limene lili ndi mwana wodziwa malamulo lapeza nyali. Iye angafotokozere akwao kuti mwa lamulo la mu 1989, munthu akamwalira osalemba wilo, magawo 50 pa 100 a cuma cace apita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo, ndi kuti kulanda katundu wa mai wamasiye ndi mlandu. Angathandize kopaletivu ya kwao kulembetsa bwino ndi kuwerenga pangano isanagulitse cimanga kapena soya. Angakhale pambali pa mfumu ndi nduna zace tsiku limene alendo abwera ndi mapu ndi zikalata.

Kucokera tsiku lolowa pa yunivesiti kufikira tsiku lolumbira pamapita zaka zosacepera zisanu, ndipo kwa ambiri zimafika zisanu ndi cimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Pambuyo pace pali zaka zina za kuphunzira nchito pansi pa akuluakulu. Makolo amene awerengera zaka zonsezi asanagulitse ng'ombe yoyamba sadzakhumudwa pakati pa njira, ndipo mwana amene adziwa cimene cinagulitsidwa kuti iye aphunzire sadzacita manyazi kukhala pa mphasa ndi kuwerengera akwao pepala m'cinenero cao.